Skyrim: mitundu ili ndi mbiri yozama, koma mlonda wa pageti sayang'ana nkhope yanu

Gemu ya The Elder Scrolls V: Skyrim inatuluka pa 11 November 2011, yopangidwa ndi Bethesda Game Studios, ndipo ambiri amaitama chifukwa cha zinjoka zouluka ndi nkhondo zake. Ine chimene chimandibweza kwa iyo n'china. Poyamba penipeni, muli omangidwa manja m'katauni ka Helgen m'dziko la Skyrim, pamzere wokadulidwa mutu, msilikali amakufunsani kuti ndinu yani. Pamenepo mumasankha umodzi mwa mitundu 10: Nord, Imperial, Breton, Redguard, Altmer, Bosmer, Dunmer, Orc, Khajiit kapena Argonian. Funso langa ndi lakuti yankho lanulo limalemera bwanji gemu ikamapita.

Pankhani ya kumene mitunduyi inachokera, olemba anagwira ntchito yotamandika. Pitani ku Windhelm, mzinda wamiyala wozizira koopsa. Mukangolowa pageti mupeza amuna awiri achi Nord atamuimitsa mayi wachi Dunmer, Suvaris Atheron, akumunena kuti anthu amtundu wake amangodya chakudya cha eni mzinda osathandiza pankhondo yapachiweniweni imene ili m'dzikomo, mwinanso ndi akazitape. A Dunmer amenewa kale ankatchedwa Chimer ndipo khungu lawo linali lowala ngati golide, mpaka mulungu wamkazi Azura anawatemberera, khungu n'kutuwa, maso n'kufiira. Anathawira kuno phiri la Red Mountain litaphulika kwawo ku Morrowind m'chaka cha 5 cha nyengo ya Fourth Era. Gemuyi ikuchitika m'chaka cha 201. Ndiye werengani nokha: zaka pafupifupi 200 akukhala m'kadera kothinana ka Gray Quarter, koma akadali obwera.

Kunja kwa mpanda, padoko, kuli a Argonian, anthu abuluzi ochokera m'madambo a Black Marsh, amene moyo wawo umalumikizana ndi mitengo ya Hist. Iwowa ngakhale m'kati mwa mzinda saloledwa kugonamo. Chowawa n'chakuti a Dunmer omwe akudandaula za tsankhowo ndi amene ankagwira a Argonian ukapolo kwawo, ndipo phiri litaphulika a Argonian anabwezera polowa Morrowind ndi nkhondo. Gemu sikuuzani kuti wolakwa ndani. Imangowaika onse pamzinda umodzi, wina m'kati wina kunja.

Nanga a Nord odzitcha eni nthakawo? Nawonso anachita kubwera, kuchokera ku Atmora, tsidya la nyanja kumpoto. Anapeza a Snow Elf alipo kale. Mzinda wawo wa Saarthal utawonongedwa usiku umodzi, Ysgramor anathawa ndi ana ake awiri, n'kubwerera ndi ankhondo 500 kudzabwezera. A Snow Elf otsala anakapempha malo pansi pa nthaka kwa mtundu wina wa ma Elf, a Dwemer, ndipo a Dwemer anawadyetsa bowa wapoizoni amene anawachititsa khungu. Zilombo zosaona zija mumazipha m'mapanga, zotchedwa Falmer, ndi zidzukulu zawo. Nditaidziwa nkhaniyi, mapanga aja anasiya kukoma kulowamo ndi lupanga lokha. Mukagula yokhala ndi chigawo cha Dawnguard cha 2012, mukumana ndi Gelebor, Snow Elf amene akuonabe ndi kuyankhula bwinobwino, ndipo mpamene kukula kwa chimene chinatayika kumaoneka.

Ine amene amandisangalatsa kwambiri ndi a Orc. Amati mulungu wawo Malacath poyamba anali Trinimac, ngwazi ya ma Elf, mpaka mulungu wina, Boethiah, anamumeza n'kumutulutsa atasinthika, otsatira ake n'kusinthika naye. Ku Skyrim ali ndi midzi 4 yotchingidwa ndi mitengo yosongoka: Dushnikh Yal, Largashbur, Mor Khazgur ndi Narzulbur. M'mudzimo amene amakwatira ndi mfumu yokha, ufumu umatengedwa pomenyana nayo, ndipo kulibe ndende. Wolakwa amalipa ndi chuma kapena ndi magazi ake. A Khajiit, anthu amphaka a ku Elsweyr, maonekedwe awo amatengera mmene miyezi iwiri ya kumwamba, Masser ndi Secunda, inalili tsiku lobadwa. Mumawapeza atamanga matenti kunja kwa mzinda wa Whiterun, katundu atayala pansi ngati mavenda amene athamangitsidwa m'tauni, chifukwa anthu amawaganizira zakuba ndi zogulitsa mankhwala ozunguza bongo a skooma.

Mitundu ina anangoidutsa. A Bosmer ali ndi pangano la Green Pact loletsa kudya zomera za kwawo ku Valenwood, moti amadya nyama yokha, koma ku Skyrim zimenezi simuziona ndi maso. A Redguard, amene dziko lawo la Yokuda linamira, amawapatsa kankhani kamodzi ka Saadia ndi ankhondo a Alik'r, basi.

Tsopano dandaulo langa lalikulu. Zonsezi zimakhudza anthu ena a m'gemu, inu ayi. Sankhani Khajiit: abale anu ali kunja kumatenti, inu mukulowa pageti mlonda osanena kanthu, mpaka kugula nyumba m'katimo. Sankhani Argonian kapena Dunmer, pitani kwa Ulfric Stormcloak, mwini mzinda watsankho uja ndi mtsogoleri wa oukira a Stormcloak: wachiwiri wake Galmar angokufunsani kafunso kamodzi, kenako mukapambana mayeso amene aliyense amapatsidwa mwalembedwa usilikali. Ngakhale Altmer, mtundu wa gulu lolamulira la a Thalmor amene analetsa kupembedza Talos, mulungu wokondedwa wa a Nord, ndi pangano la White-Gold Concordat, akhoza kumenyera nkhondo a Stormcloak popanda vuto. Malo amene mtundu wanu umagwiradi ntchito ndi ochepa. Orc amalowa m'midzi ya a Orc mosavuta pamene wina aliyense amayamba watumidwa kaye ntchito, ndipo Altmer atavala mkanjo wa a Thalmor amadutsa mosavutirapo ku embase yawo. Zotsalazo ndi manambala: Nord amapirira kuzizira ndi 50 peresenti, Dunmer moto ndi 50 peresenti, Argonian amapuma m'madzi, Khajiit amaona usiku. Mukafika patali ndi gemu, zida ndi zovala zimaphimba kusiyana konseku.

Chinanso choti mudziwe musanagule: mbiri yambiri ili m'mabuku amene amangogona pamashelefu m'nyumba ndi m'mapanga, ndipo Chingerezi chake nthawi zina n'cholimba. Mabukuwo amatsutsananso dala, chifukwa wolemba wachi Nord ndi wachi Elf safotokoza Saarthal mofanana. Munthu wongothamangira kupha chinjoka akhoza kumaliza gemu yonse osadziwa kuti Falmer anali anthu.

Kodi ndi yogula? Ngati mumakonda kufufuza kuti anthu awa anachokera kuti ndipo amadanirana chiyani, eya, gulani. Ngati mukufuna kuti dziko likuchitireni zinthu molingana ndi mtundu umene mwasankha, mukhumudwa, pokhapokha muikemo ma mod, tizigawo tosintha gemu topangidwa ndi osewera ena. Tengani Special Edition ya 2016, chifukwa ili kale ndi Dawnguard, Hearthfire ndi Dragonborn, ndipo Dragonborn imakufikitsani ku chilumba cha Solstheim kumene a Dunmer akukhala mwa chikhalidwe chawo ku Raven Rock. Imafuna malo okwana 12 GB pakompyuta, ndiye konzekerani bandulo, koma mukaikopera mumasewera popanda intaneti. Ulendo woyamba sankhani Dunmer, ndipo mukapulumuka ku Helgen kwerani ngolo ku Whiterun mulunjike ku Windhelm.