Wadirobu ya m'katoni: yothandiza kwa ife a lendi, koma isaone madzi

Wadirobu ya zitseko ziwiri imene ndinagula m'shopu ina ku Kamwala, mumzinda wa Lusaka, inabwera m'makatoni awiri aatali, opyapyala. Mtengo wake sunafike ngakhale theka la umene kalipentala wa ku Kalingalinga ananditchulira pa wadirobu ya mukwa. Khomo la chipinda changa ku Chilenje ndi lopapatiza, moti wadirobu yokhoma kale sikanalowa popanda kuzula chitseko. Makatoniwa analowa bwinobwino, ndipo sindinalipire kanta, anakwana m'galimoto ya alamu anga titagoneka mipando yakumbuyo.

Nzeru yogulitsa mipando m'makatoni inatchuka ndi kampani ya ku Sweden ya IKEA m'zaka za m'ma 1950. Katundu wophwasula satenga malo ambiri pomunyamula, ndipo ntchito yolumikiza imagwera wogula, n'chifukwa chake amatchipa. Yangayi si ya kampani imeneyo, pakatoni panalibe ngakhale dzina.

Kulumikiza ndiye kunandituluka thukuta. Kapepala ka malangizo kalibe mawu, ndi zithunzi zokhazokha, zosaoneka bwino moti thabwa la kumanja ndi la kumanzere sungazisiyanitse. M'kathumba munali masikuluwu, timitengo tolowetsa m'mabowo ndi kakiyi kopindika kaja ka Allen. Masikuluwu awiri anaperewera, ndipo bowo lina la hinji analiboola pambali, mpaka lero chitseko chimodzi n'chopendekeka. Nditabwerera kushopu anandiuza kuti katoni ikatsegulidwa sabweza. Zinandiwawa kwambiri. Munthu ungadziwe bwanji kuti china chasowa usanatsegule? Masikuluwu ndinakagula ku hadiweya ndi ndalama zanga.

Musayese nokha, pamafunika wina wogwira thabwa pamene inu mukumanga. Kathabwa kopyapyala kakumbuyo musakaderere, ndi kamene kamaletsa wadirobu kugwedera, choncho khomani timisomali tonse.

Chachikulu chimene ndikufuna anzanga mudziwe ndi thabwa lenilenilo. Ndi chipibodi, kutanthauza utuchi ndi tizibenthu ta mitengo zopanikizidwa ndi guluu, kunja n'kumatako kachikopa konyezimira. Likakhudza madzi limatupa ngati buledi woviika mu tiyi, ndipo silibwereranso. Ife timakolopa m'mawa uliwonse, ndiye onjezani chinyontho cha mvula ya Januwale. Wadirobu ya mnansi wanga inafufuma m'munsi nyengo imodzi yokha ya dzinja. Yanga ndinaikweza pa timatabwa tiwiri ndipo ikadali bwino. Amene mumakhala kumene madzi amalowa m'nyumba, monga mbali zina za Kanyama, ndalama zanu musataye.

Kusamuka nakonso wadirobuyi sigwirizana nako. Sikuluwu ukaimasula m'chipibodi, bowo limakula, ukabwezera sigwiranso. Mukwa ukathyoka kalipentala amaukonza, koma ichi chikanyenyeka palibe pogwira.

Komabe sindikudandaula kuti ndinagula. Zovala zanga zinachoka m'masutikesi, chipinda chikuoneka chaudongo, ndipo sindinalowe ngongole. Kashelefu ka nsapato kapena katebulo ka TV ndingagulenso mawa. Bedi ndi kabati ya kukhitchini ayi, zimenezo ndidzasunga ndalama pang'onopang'ono ndikapangitse ku Kalingalinga. Mukapita kukagula, auzeni atsegule katoni muwerenge masikuluwu ndi mahinji pamaso pawo musanalipire.