Nsinjiro zam'timajumbo pamsika wa Ulongwe: zokoma, koma wodwala asadalire

Pamsika wa Ulongwe, ngakhalenso ku Domwe ndi ku Zóbuè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, nsinjiro zosinjasinja kale zimapezeka zomanga m'timajumbo. N'zotsika mtengo, zimatendera bwino nkhwani, ndipo zimapulumutsa mayi ku mtondo. Pa thanzi mtedza suchepa: magalamu 100 ali ndi magalamu pafupifupi 25 a zomanga thupi, ndipo pafupifupi theka lake ndi mafuta. Munthu amene wawonda ndi mankhwala a khansa, chakudya chikumukana, amapeza mphamvu zambiri m'kambale kochepa ka phala lotendera.

Vuto ndi lakuti mtedza ukasinjidwa sudziwikanso kuti unali wotani. Wabwino umagulitsidwa wamaso, chifukwa wogula amauona. Wotsalira posankha, mphwephwa, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, wakuda mkati, ndi umene kawirikawiri umathera mumtondo. Mtedza wotere ndiwo umagwira chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Alibe fungo loti mungamuzindikire nalo, ndipo kuwiritsa kapena kukazinga sikumutha. Kwa munthu amene ali ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B, chiopsezo chimakula kwambiri. Akakhala wa kachasu, chiwindi chomwecho chikumenyedwanso mbali ina, pakuti mowa pawokha umayambitsa khansa ya chiwindi ndi ya kummero.

Chuku chimayambira kutali. Ena amawaza madzi mtedza kuti makoko afewe posenda, kenaka n'kuuthira m'thumba usanaume. Ena amayanika padothi. Kajumbo nakonso kakakhala padzuwa kamachita thukuta mkati, nsinjiro n'kuyamba kuumbana.

Ngati mugula ndithu, masulani kajumboko pomwepo. Nsinjiro zikhale zoyoyoka, zopanda mibulu yonyowa, zosanunkha chinyontho, zosawawa pa lilime. Komatu kuyesa kumeneku kumangogwira zoipitsitsa zokha.

Kwa wodwala khansa, kapena amene wachira, ife tikuti gulani mtedza wamaso. Uthireni palichero, muchotse uliwonse wokwinyika, wosweka ndi wosintha mtundu. Lumani njere imodzi: youma bwino imathyoka kuti thwa, yanyontho imangophwanyika mofewa. Sinjani wokwanira sabata imodzi basi, musunge m'botolo louma lotseka bwino. Woipa mwachotsa uja musapatse ana, ng'ombe yamkaka ayinso, chifukwa poizoniyu amadutsira mumkaka.

Pa phala, sakanizani makapu 4 a mgaiwa ndi kapu imodzi ya nsinjiro, kapena thirani masipuni awiri aakulu m'mbale ya munthu mmodzi, liwire mpaka lipse. Ngati m'kamwa muli zilonda, likhale lamadzimadzi ndi lofunda chabe. Mgaiwawo ukhalenso wa chimanga chosankha, chifukwa chimanga chowola cha pansi pankhokwe, chija ena amati n'chophikira mowa, chimagwira chuku chomwechi.