Utoto wa UV wopezera podontha oyilo pa turbo ya dizilo: nyenyezi 4 pa 5

M'bokosi la utotowu muli kabotolo ka utoto, tochi ya UV (yomwe kuwala kwake kumawalitsa utotowo) ndi magalasi achikasu. Zimagwiradi ntchito, bola muyambe mwatsuka injini. Pukutani mozungulira turbo (chipangizo chopopera mpweya mu injini) ndi brake cleaner (mankhwala otsukira mabuleki) injini itazizira, thirani utoto pothirira oyilo, pafupifupi mamililita 30 pa malita 4 kapena 5, kenako yendetsani galimoto mphindi 15 kuti turbo ipope mpweya ndithu. Kungoliza injini galimoto itaima sikokwanira. Unikani ndi tochiyo pamdima, mutsate mzere wowala wa oyilo wochucha chokwera mpaka pomwe wayambira.

Apa m'pamene utotowu umapulumutsa ndalama, chifukwa ma turbo ambiri amangonamiziridwa. Nthawi zambiri oyilo amachucha pa gasiketi ya valve cover (chivundikiro cha pamwamba pa injini) n'kudonthera pa turbo, kapena pa mawasha a kopa a bawuti ya banjo (bawuti yabowo yodutsamo oyilo) pa payipi yolowetsa oyilo. Mawashawa mukamasula musawabwezerepo, ikani atsopano. Pena ndi gasiketi ya payipi yobwezera oyilo ku sampu (posungira oyilo pansi pa injini) basi.

Chomwe utoto sungakuuzeni ndi chifukwa chomwe oyilo akudutsira m'kati mwa turbo. Shafiti yake ilibe silo ya labala, ili ndi timaling'i tachitsulo tomwe timadalira kuti oyilo azitsika yekha mosavuta. Payipi yobwezera ikatsekeka ndi kaboni kapena ikapindika, breather (potulukira mpweya wa m'kati mwa injini) ikatseka, kapena fyuluta ya mpweya ikadzaza fumbi, oyilo amadutsa timaling'ito turbo ili bwinobwino. Mukasintha turbo osakonza zimenezi, yatsopanoyo ichuchanso. Choncho vulani payipi ya mpweya mugwedeze shafiti ndi zala: kusewera pang'ono cham'mbali si vuto bola mapiko a pa shafitiyo asakhudze khoma la turbo, koma ikamalowa n'kutuluka moonekeratu, turbo yatha.

Kaoyilo kongonyowetsa m'mapayipi a intercooler (choziziritsira mpweya wochokera ku turbo) musadabwe nako, kamachokera ku breather. Koma akadikha, mukhuthule musanalize injini. Injini ya dizilo imatha kumwa oyiloyo n'kumathamanga yokha osazima ngakhale mutazula kiyi.

Nyenyezi imodziyo tachotsa chifukwa cha tochi. Ndi yofooka, masana simuona kanthu, ndipo oyilo wa dizilo akada ndi mwaye amaphimbiratu kuwala kwa utoto. Ndi bwino kuuthira mutangosintha oyilo.