Makobidi a siliva a ku Ireland patatha miyezi 9

Mu Malichi ndinalemba za makobidi anayi amene ndinagula pamsika wa zinthu zakale kuno ku Dublin: half crown (khobidi la mashileni awiri ndi theka) ya 1928, ma florin (makobidi a mashileni awiri) awiri ndi shileni imodzi. Nthawi imeneyo ndinkangowatamanda basi. Lero akwana 14, koma awiri mwa iwo ndinawapweteka ndekha ndi manja angawa.

Kwa amene simunawerenge poyamba paja: dziko la Ireland lidayamba kudzilamulira mu 1922, koma makobidi akeake adatuluka mu Disembala 1928. Komiti yosankha zithunzi ankaitsogolera ndi mlakatuli W. B. Yeats, wojambula adali Mngelezi Percy Metcalfe, ndipo ankawasulira ku Royal Mint ku London komweko. Mutu wa mfumu palibepo. Mbali imodzi pali zeze wawo ndi mawu akuti Saorstát Éireann, mbali inayo nyama: hatchi pa half crown, nsomba ya salmon pa florin, nkhunzi pa shileni. Atatu okhawa ndiye a siliva, magawo 750 pa 1,000, pomwe a ku Britain a zaka zomwezo adali ndi 500 okha.

Chimene chinandikoka ndi kachitini ka agogo kumudzi. Munali florin yathu ya 1964 ya njovu, shileni ya chimanga ndi sixpence ya tambala, zonse zili ndi nkhope ya Kamuzu. Mayina ndi omwewa, kuyera ndi komweku, koma m'zathuzo siliva mulibe ngakhale pang'ono.

Kuyerako ndiye kunandipusitsa mu Meyi. Ndinalipira €12 pa florin yokongola ya 1951 ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi siliva. Ndinali nditagula kasikelo ndi maginito, n'kumadziona ngati katswiri. Sikelo inaonetsa magalamu 11.3, monga florin ya siliva. Maginito sanagwire. Kungoti kuyambira 1951 ankazipanga ndi kopa wosakaniza ndi nickel, kulemera kwake chimodzimodzi, ndipo maginito sagwiranso pamenepo. Chaka ndiye chimanena zoona: siliva adalekera 1943. Wogulitsayo sanandinamize, ine ndiye sindinafunse.

Za kasungidwe ndiye zinandiwawa kwambiri. Ndinkawaika m'timatumba tofewa tapulasitiki, totsika mtengo, tonunkha ngati mpira watsopano wa ana. Pofika Ogasiti florin ya 1928 inali itachita utoto wobiriwira wonata, makamaka m'mipata ya zingwe za zeze ndi pansi pa mimba ya nsomba. Ndi PVC ya m'pulasitikimo, imatuluka pang'onopang'ono n'kumadya chitsulo, ndipo chinyontho cha nyumba za kuno chimangothandizira. Ndinaiviika mu acetone weniweni, osati uja wochotsera utoto wa zikhadabo, zobiriwirazo zinachoka, koma panatsala kadontho kotuwa pafupi ndi pamene palembedwa chaka. Panopa onse ali m'timabokosi tolimba toonekera mkati, limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Kuchokera pamenepo sindinaonenso vuto.

Shileni ija ndiye ndilibe pothawira. Inali yakuda bii, ine n'kuitsuka ndi mankhwala otsukira mano ndi kansalu, monga mayi ankachitira ndi masupuni a alendo. Inawala mbee, ndinasangalala tsiku limodzi. Nditaiyang'ana pagalasi lokulitsa, thupi lonse la nkhunzi linali timizere tokhatokha. Bambo wina wogulitsa makobidi anangoitembenuza kamodzi n'kundiuza kuti angandipatse mtengo wa siliva wake basi.

Half crown ya 1928 sindinaikhudze, ndipo ndi imene ikundisangalatsa kuposa onse. Magalamu 14.1, ikakhala m'dzanja umamva kuti wagwira ndalama. M'mphepete mwake mwayamba kuderako, hatchi yatsala yoyera pakati, ndipo ikuoneka bwino kuposa tsiku limene ndinaigula. Ndimaigwira m'mbali mokha.

Kodi ndingakulimbikitseni? Inde, ngati mukufuna mbiri yogwirika m'manja pamtengo wa chakudya chamasana. A 1928, komanso a 1939 mpaka 1942 olembedwa Éire m'malo mwa Saorstát Éireann, savuta kupeza. Koma ngati mukufuna phindu, iwalani. Nditati ndigulitse onse lero sindingabweze zimene ndinaononga, poonjezapo timabokosi ndi sikelo. Mukaona florin kapena half crown ya 1943 yotchipa pa intaneti, idutseni: zambiri za chaka chimenecho zidasungunulidwa, zenizeni n'zosowa zedi.

Ine panopa ndikusaka half crown ya 1937, nayonso yovuta kupeza. Shileni yotsukidwa ija imakhala m'thumba la jekete, ndi imene ndimapatsa ana akafuna kugwirako.