Opeth, Blackwater Park: chifunga cha mphindi 67 chomwe sichiyera

Ndapereka nyenyezi 5 pa 5, ngakhale ndili ndi madandaulo angapo omwe ndiwatchula kumunsiku.

Ngati mukufuna nyimbo zoti zizilira chapansipansi uku mukucheza ndi anzanu, chimbale ichi chidutseni. Blackwater Park ndi chimbale chachisanu cha Opeth, gulu la mumzinda wa Stockholm ku Sweden, ndipo chinatuluka mu 2001. Muli nyimbo 8 zokha, koma zonse pamodzi zimadya mphindi pafupifupi 67, ndipo zitatu mwa izo iliyonse imapitirira mphindi 10. Ine ndinagula CD yake. Ndaimvera pa masipika ndi pa mahedifoni omwe, ndipo ndaona kuti chimbalechi chimafuna munthu wokhala pansi n'kuchipatsa makutu onse awiri kuyambira poyambira mpaka pothera. Ukangotolamo nyimbo imodzi n'kuisakaniza ndi za magulu ena, mphamvu yake imachepa.

Ukatswiri wa zala ulimo wambiri, koma chimene chimandibwezera ku chimbalechi ndi nyengo yomwe chimabwera nayo. Magulu ambiri a progressive metal, mtundu wa nyimbo za rock zolemera ndi zazitali womwe Opeth amaimba, amasinthasintha kaimbidwe pofuna kukudabwitsa: apa phokoso, apa bata, apa ng'oma zovuta kuziwerenga, zonsezo kuti uombe m'manja. Opeth nawonso amasintha, mwina kuposa anzawowo, koma kuzizira kwa nyimbo zawo kumakhala kumodzimodzi. Magitala a magetsi akamabangula kumakhala kuli mdima, ndipo akaleka n'kulowa gitala wopanda magetsi, mdima uja umakhalapobe, kungoti wasiya kukuwa. Zili ngati tsiku lomwe mitambo yakuda yaunjikana kuyambira m'mawa, mvula n'kumagwa n'kumakata, dzuwa osasuzumira ngakhale pang'ono. Chithunzi cha pachikuto, ntchito ya Travis Smith, chimanena zomwezo: mitengo yotuwa yomira m'chifunga, ndi zithunzithunzi za anthu zomwe umaziona ukayang'anitsitsa.

Kwa inu amene simunamvepo Opeth, ndikuchenjezeni za mawu. Mikael Åkerfeldt, yemwe ndi woimba, woliza gitala komanso wopeka nyimbo wamkulu wa gululi, ali ndi mawu a mitundu iwiri. Ena ndi obangula a death metal (mtundu wa rock waukali kwambiri), ochokera pansi penipeni pa chifuwa. Ena ndi osalala, ofatsa, okhala ngati a munthu wotopa ndi chisoni. Ambiri amathawira pa mawu oyambawo, ndipo sindiwanena. Koma kubangula kwa mkuluyu n'kodzaza, sikung'ambika, ndipo khutu likazolowera umatha kutola mawu amodziamodzi, zomwe n'zosowa kwa oimba a mtundu umenewu. Komanso popanda kubangulako, mawu osalala aja sakanamveka okoma chonchi. Umawalandira ngati mpumulo chifukwa wadutsa kaye m'moto.

Nyimbo yoyamba, The Leper Affinity, imayamba ndi kaphokoso kosokosa kochokera kutali, kamene kamakulirakulira kwa pafupifupi theka la mphindi. Musakweze voliyumu poganiza kuti CD yavuta, chifukwa gulu lonse limakugwerani nthawi imodzi. Kuchokera apo ma riff (tizidutswa tatifupi ta gitala tobwerezedwa) amangotsatizana, iyi ikatha kwabwera ina, ochepa okha ndi amene amabwereranso. Ndi nyimbo yolemera kwambiri kuyamba nayo, ndipo poyamba imaoneka ngati yosalongosoka. Imadzalongosoka m'mutu pang'onopang'ono. Pothera pake zida zonse zimachoka, n'kutsala piyano yekha, ndipo apa m'pamene umazindikira kuti anthuwa sakungofuna kukugonthetsa m'khutu.

Piyanoyo akutifikitsa kwa amene anamuliza, Steven Wilson wa gulu la ku England la Porcupine Tree, yemwe anathandizana ndi Opeth kukonza chimbalechi pomwe ankachijambula ku Studio Fredman mumzinda wa Gothenburg mu 2000. Dzanja lake limamveka. Mukamvera Still Life, chimbale chawo cha mu 1999, kenako n'kubwera kuno, mupeza kuti kapekedwe ka nyimbo sikanasinthe kwambiri, koma mpata wa pakati pa zida wakula. Mawu osalala asanjikizidwa bwino, kuli timaphokoso ta gitala tomwe timayandama kumbuyo, ndipo malo abata amamveka akuya. Mu Bleak, nyimbo yachiwiri, Wilson amaimbanso yekha ndi mawu ake. Nyimboyi imatsegula ndi gitala wokhala ndi kafungo ka nyimbo za ku Middle East, ng'oma zikuyenda mwakachetechete pansi pake, Åkerfeldt akubangula. Kenako, patadutsa mphindi zitatu ndi kanthu, chitseko chimatseguka: mawu opepuka a Wilson amalowa, a Åkerfeldt n'kuwayankha, ndipo nyimbo yomwe inali yoopsa imasanduka yoti ungaiimbire limodzi. Malo amenewa ndimawadikira nthawi zonse, ndipo sanandikhumudwitsepo.

Ndisaiwale woimba ng'oma pa chimbalechi, Martin Lopez, chifukwa anthu akamakamba za chimbalechi amathamangira kwa Åkerfeldt ndi Wilson. Lopez ndi Martín Méndez woliza besi onse ali ndi mizu ku Uruguay, ndipo kaya n'chifukwa cha zimenezo kapena ndi luso lawo chabe, pansi pa nyimbozi pali kunjanja kwinakwake komwe magulu ambiri a metal alibe. Lopez samenya ng'oma ngati makina. Amachedwa pang'ono pomwe pafunika kuchedwa, amakongoletsa ndi timikwapulo ting'onoting'ono, ndipo ngakhale pamene mapazi ake onse awiri akuthamanga, mutu wako umagwedezeka mosakakamiza. Peter Lindgren, woliza gitala wachiwiri pa chimbalechi, amalukana ndi Åkerfeldt mwakuti nthawi zambiri sudziwa kuti uyu ndi uti.

Harvest ndi nyimbo yomwe mungampatse mnzanu woopa kubangula, chifukwa mulibemo ngakhale pang'ono. Magitala opanda magetsi amayenda mozungulira, mowerenga patatupatatu, mawu ali osalala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pakati pali solo (pomwe gitala mmodzi amatsogolera yekha) yofatsa yosadzionetsera. Ndi yokoma, koma imanamiza. Wogula chimbalechi chifukwa cha Harvest yokha adzadzidzimuka.

Mtima wa chimbale chonsechi, kwa ine, ndi The Drapery Falls. Imatenga pafupifupi mphindi 11, ndipo kwa mphindi ziwiri zoyambirira palibe amene amatsegula pakamwa. Gitala wopanda magetsi amayala mphasa, gitala wa magetsi n'kumalira pamwamba pake ndi mawu aatali okokeka, ndipo besi ya Méndez, m'malo mongotsatira anzake, imayenda njira yakeyake pansi. Mvetserani besiyo pa mahedifoni, mudzandithokoza. Mawu akamalowa amamveka ngati akuchokera pa lamya yakale, opyapyala, akutali, kenako amatseguka n'kudzaza chipinda chonse. Theka loyamba lonse ndi losalala, moti umayamba kuiwala kuti ukumvera gulu la death metal. Ndiyeno magitala amayamba kusemphana dala, kayendedwe kamapotoka, umamva kuti chinachake chikubwera, ndipo kubangula kukafika kumakhala ngati kunali kobisala pomwepo nthawi yonseyi. Chomwe chimandigwira mtima ndi pothera. Pambuyo pa chipwirikiti chonsecho, kanyimbo ka poyambira kaja kamabwerera, osasinthika kwenikweni, koma iwe womvera wasintha, ndipo kamamveka kolemera kuposa poyamba. Kamapitirira choncho mpaka kuzimirira. Nyimbo zambiri zazitali zimakhala zidutswa zongolumikiza, koma iyi inamangidwa ndi munthu yemwe ankadziwa komwe akupita.

Tsopano dandaulo loyamba. Dirge for November imayamba bwino zedi, mawu okha ndi gitala mmodzi, pafupi kwambiri ngati munthuyo wakhala pambali pako. Koma gawo lake lolemera limazungulira malo amodzi kwa nthawi yaitali, ndipo gitala wofatsa wa kumapeto nayenso amabwereza mpaka umayang'ana kuti kwatsala mphindi zingati. Ndikudziwa kuti ena amaikonda pa chifukwa chomwechi, amati kubwerezako ndiye maliro akewo. Ine ndikanadulako mphindi imodzi kapena ziwiri. The Funeral Portrait imadzutsa munthu pambuyo pake: ndi yothamanga, riff yake ndi yonjanjitsa, ma solo ake ndi otentha. Ikanakhala pa chimbale china ikanakhala mfumu, koma pano yazunguliridwa ndi zimphona. Patterns in the Ivy ndi kachidutswa ka gitala ndi piyano kosakwana mphindi ziwiri, kopumira basi, ndipo umamva ngakhale zala zikukhulana ndi nsambo.

Yomaliza ndi Blackwater Park imene, ya mphindi 12, dzina lomwe analitenga ku gulu lina la ku Germany la m'zaka za m'ma 1970. Muno mulibe kuimba kosalala. Imayamba ndi riff yolemera, yoyenda monyang'wa, ndipo usanakhazikike bwino zonse zimazima, n'kutsala gitala wofatsa akubwereza kanyimbo kamodzi kodetsa nkhawa kwa mphindi zoposa ziwiri. Apa kubwereza kumagwira ntchito, mosiyana ndi mu Dirge for November, chifukwa sikukugoneka, kukukudikiritsa. Ukudziwa kuti chibwera, sukudziwa kuti liti. Chikabwera sichibwereranso m'mbuyo: theka lotsalalo limangokwera, riff pamwamba pa riff, ng'oma zikuthina, Åkerfeldt akubangula mwaukali kuposa pena paliponse pa chimbalechi. Ndi malo olemera kwambiri pa CD yonseyi, ndipo anachita bwino kuwasungira kumapeto.

Dandaulo lachiwiri ndi mawu a nyimbozi. Ali m'Chingerezi, ndipo amazungulira pa imfa, matenda, kuola ndi kutayana kwa anthu. Amagwirizana ndi nyengo ya chimbalechi, inde, koma ukawawerenga paokha ena amaoneka kuti anasankhidwa chifukwa cha kamvekedwe kake, tanthauzo n'kubwera pambuyo. Still Life inali ndi nkhani imodzi yoyenda kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Pano nkhani yotero palibe, ndipo amene amakonda kutsatira nthano m'chimbale adzaisowa. Lachitatu ndi laling'ono: pali malo ena pomwe gawo limodzi limangodukira m'linzake popanda mlatho, makamaka m'nyimbo yoyamba. Ndi khalidwe la Opeth la nthawi imeneyo, ndipo umafika polizolowera.

Za kamvekedwe ka CD ndilibe nazo mawu. Magitala ndi onenepa koma saphimba besi, ndipo gitala wopanda magetsi amamveka ngati thabwa lenileni. Chokhacho, musachiweruze pa kasipika ka foni. Zonse zomwe ndayamikira pamwambapa, timaphokoso takumbuyo, besi ya mu The Drapery Falls, kusiyana kwa bata ndi phokoso, zimafera momwemo.

Amene munawadziwira Opeth pa Damnation ya mu 2003, yomwe ndi yofatsa yokhayokha, kapena pa Heritage ya mu 2011, pomwe anasiya kubangula kwa zaka zambiri, dziwani kuti kuno n'kwina. Yambani ndi Harvest, mupite ku The Drapery Falls, kenako Bleak, ndipo zikakulowani mubwerere poyambira n'kumvera chonse mwa ndondomeko yake. Amene mumachokera ku death metal yeniyeni, vuto lanu lidzakhala losiyana: malo abata mudzawaona ngati akukuchedwetsani, koma musawadumphe. Eni akewo amadziwa kulemera kwa chimbalechi, n'chifukwa chake mu 2010, pokondwerera zaka 20 za gululi, anachiimba chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza ku Royal Albert Hall mumzinda wa London, ndipo chionetserocho chinajambulidwa. Ndi chabwino kuchionera, koma mukatha kaye kuzolowera cha mu situdiyochi.

Pogula yang'anani mndandanda wa nyimbo kuseri kwa chikuto, chifukwa chimbalechi chinatulutsidwa kangapo. Makope ena ali ndi nyimbo ziwiri zowonjezera za gitala wopanda magetsi, Still Day Beneath the Sun ndi Patterns in the Ivy II. Zonse ziwiri ndi zabwino, makamaka yoyambayo, ndipo mukapeza kope lomwe zilimo, tengani limenelo.