Ndemanga: ulendo wa Khirisimasi ku Maramureș, nyenyezi 4 mwa 5

Ulendowu tinaugula kwa kakampani kena ka ku Cluj-Napoca, wokonzedweratu: masiku 6, kuyambira pa 24 mpaka pa 29 Disembala, m'dera la Maramureș kumpoto kwa Romania, kumalire ndi Ukraine. Mtengo wake unaphatikiza minibasi ya anthu 8 ndi dalaivala, wotitsogolera wolankhula Chingelezi, malo ogona, chakudya cham'mawa ndi chamadzulo. Ndege, nkhomaliro, matikiti olowera m'malo ndiponso viza zinali zathu. Tikuupatsa nyenyezi 4. Yachisanuyo yagwa chifukwa wolemba ndondomeko anawerenga makilomita n'kuiwala kuwerenga dzuwa.

Kumeneko mu Disembala kumacha cha m'ma 8 koloko, ndipo ikamakwana hafu pasiti 4 madzulo dzuwa likulowa. Wotchi yanu simuisintha ngati mukuchokera ku Malawi kapena ku Zambia, pakuti m'nyengo yozizira nthawi ya ku Romania ndi yathu yomweyi, koma tsiku lowala ndi maola 8 okha ndi pang'ono. Ndondomeko ya kampaniyi ndi imodzimodzi ndi imene amagwiritsa ntchito mu Julayi, malo 4 kapena 5 patsiku. Zotsatira zake malo otsiriza mumawaona ndi tochi ya pa foni. Musanalipire, apempheni akutumizireni ndondomeko yokhala ndi maola, ndipo chilichonse chapanja chimene achiika ikadutsa 3 koloko masana muchichotse kapena muchisunthe.

Kuchoka pa bwalo la ndege la Cluj kufika mu mzinda wa Baia Mare ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo kuchoka apo msewu umakwera mapiri a Gutâi, wokhotakhota, mpaka mamita pafupifupi 1,000 usanatsetserekere ku midzi. Ulendo wonsewo werengani maola 4, kukagwa chipale chofewa 5. Ndiye ndege yanu ifike m'mawa, kapena fikani pa 23 mugone ku Cluj. Wofika masana pa 24 amaphonya chimene anabwerera, chifukwa colinde, nyimbo za Khirisimasi zoimba khomo ndi khomo, zimayamba kukangoda tsiku lomwelo.

Apa ndi pamene kampaniyi inachita bwino koposa: inatigoneka m'mudzi wa Breb, osati m'hotela ya m'tawuni. Breb ali m'munsi mwa thanthwe lotchedwa Creasta Cocoșului, kutanthauza lipombo la tambala, ndipo nyumba yogona alendo, imene iwo amati pensiune, ndi khomo la banja ndithu. Madzulo a pa 24 amayamba ndi ana, m'timagulu, kuimba pa khomo lililonse n'kulandira mtedza, maapozi, makeke ndi tindalama. Usiku ukakula amabwera achinyamata ndi akuluakulu. Mwambo wa magulu a amuna oimba khomo ndi khomo umenewu UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, inauika m'kaundula wake mu 2013. Palibe tikiti, palibe nsanja. Mwininyumba amatsegula chitseko, oimba amalowa ndi chipale ku nsapato, amaimirira mozungulira tebulo, akamaliza amapatsidwa chakumwa n'kupitirira. Konzekeranitu ndalama zing'onozing'ono za ku Romania, za lei 1, 5 ndi 10, zopatsa ana. Wotitsogolera anatiuza zimenezi tili kale m'mudzi, kumene kulibe makina otapira ndalama, pamene akanatiuza tili ku Cluj. Kumbukiraninso kuti pa 25 ndi pa 26 ndi tchuthi cha boma, mabanki ndi masitolo ambiri amatseka. Yuro imodzi ndi pafupifupi lei 5, ndipo kumidzi khadi silikuthandizani kwenikweni.

Chipinda chimafundidwa ndi mbaula yaikulu yomangidwa ndi matailosi, yosonkhezera nkhuni. Imachedwa kutentha, ola lathunthu kapena kuposa, koma ikagwira imasunga kutentha mpaka mbandakucha. Cholakwika chimene alendo amachita n'kutseka kachitseko ka mpweya moto usanasanduke makala, poganiza kuti akusunga kutentha. Utsi umabwerera m'chipinda, ndipo mpweya wa makala ndi uja umapha munthu ali m'tulo. Isiyireni mwininyumba. Pakhomo mumavula nsapato n'kuvala masilipasi amene amakupatsani. Mapulagi awo ndi a timiyendo tiwiri tozungulira, choncho chaja ya timiyendo titatu ya ku Malawi kapena ku Britain ifuna adaputa, ndipo m'mudzi simuipeza.

Za chakudya sitingadandaule, kupatula kuchuluka. Mabanja ambiri amasala nyama ndi mkaka masiku 40, kuyambira pa 15 Novembala, amapha nkhumba cha pa 20 Disembala, ndiye pa 25 tebulo limalemedwa: sarmale, amene ndi masamba a kabichi wowawasa okulungamo nyama yogaya ndi mpunga, soseji zowamba, mafuta a nkhumba owamba odulidwa tizidutswa, ndi buledi wotsekemera wa mtedza wotchedwa cozonac. Mămăligă ndi nsima ya mgaiwa wachikasu, koma imathiridwa mchere pophika ndipo amaidya ndi foloko, pamwamba atathira tchizi wa nkhosa ndi kirimu wowawasa. Ngati simudya nkhumba, nenani polembetsa ulendo ndipo mubwerezenso kwa mwininyumba mukafika, chifukwa mafuta ake amalowa ngakhale mu nyemba ndi mu supu. Uthenga wotere kampaniyi sinaufikitse ku nyumbayo, zinakonzeka tsiku lachiwiri.

Ndiye pali horincă. Ndi kachasu wa mapulamu kapena maapozi, wotchezedwa kawiri, mphamvu yake imapitirira 50 peresenti. Khomo lililonse limene mulowe akupatsani katambula, ngakhale ili 10 koloko m'mawa, ndipo mukakamaliza amadzazanso. Njira yake ndi kunena kuti "La mulți ani" (kufunirana zaka zambiri), kulawa pang'ono n'kukasiya kosatha. Amene samwa anene mosabisa kuchokera pachiyambi, palibe amene amakwiya. Dalaivala wathu sanalaweko ngakhale dontho masiku onse 6. Lamulo la ku Romania silimulola woyendetsa galimoto kukhala ndi mowa uliwonse m'thupi, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chachikulu chogulira ulendo wa dalaivala m'malo mobwereka galimoto. China ndi msewu: amayendetsa kumanja, timisewu ta m'midzi timachita madzi oundana osaoneka, ndipo lamulo limafuna matayala a nyengo yozizira msewu ukakhala ndi chipale kapena madzi oundana. Minibasi yathu inali nawo, ndi matcheni omwe kumbuyo. Funsani zimenezi musanakwere.

Pa 25 ndi pa 26 ndi masiku a Viflaim, sewero la kubadwa kwa Yesu limene anyamata a m'mudzi amachita pabwalo la tchalitchi mapemphero akatha. Muli Herode, abusa, anzeru akum'mawa, angelo, Imfa, komanso draci, ziwanda, ndipo izi ndi zimene aliyense amadikira. Zimavala zigoba za zikopa za nkhosa zokhala ndi nyanga ndi lilime lofiira, m'chiuno zitamanga mabelu a ng'ombe, m'manja zikwapu. Zimathamangitsa atsikana ndi ana, ndipo mlendo woima kutsogolo ndi kamera sizimusiya. Wakwathu akaziona angakumbuke Gule Wamkulu, koma pano palibe chinsinsi cha dambwe: sewero likatha mnyamatayo amavula chigoba pamaso pa onse, thukuta lili kamukamu, n'kukakhala pafupi ndi amayi ake. Chotero kujambula n'kololedwa. M'kati mwa tchalitchi ndiye funsani kaye, amayi afunde mpango kumutu, abambo avule chipewa.

Masana a pa 26 anatitengera ku Cavnic, katawuni ka migodi kotsekeredwa m'chigwa chopapatiza, kukaona brondoși, anyamata ovala zigoba ndi mabelu akuluakulu amene amazungulira m'misewu masiku a Khirisimasi. Anthu a kumeneko amati mwambowu unayamba mu 1717, pamene makolo awo anaopseza ankhondo a mtundu wa Tatar amene anadzawaukira, ndi phokoso la mabelu. Alibe ola lokhazikika, mumawamva kaye musanawaone, ndiye pamafunika kudikira. Ndondomeko inapereka mphindi 40 zokha kenako n'kuthamangira ku tchalitchi cha Șurdești, chija chotalika mamita 72, chimene tinachipeza mdima utayamba. Zikanakhala bwino kuyamba ndi Șurdești m'mawa, Cavnic masana onse.

Matchalitchi amatabwa a ku Maramureș amene ali m'kaundula wa UNESCO kuyambira 1999 ndi 8, ndipo pa ulendo wotere atatu ndi okwanira. Sankhani Budești, cha mu 1643, mmene muli malaya a unyolo amene amati anali a Pintea, chigawenga chimene anthu wamba ankachikonda, ndi Desești, cha mu 1770, chifukwa cha zojambula za m'makoma ake. Matchalitchi ambiri amakhala okhoma. Pachitseko pamakhala nambala ya wosunga kiyi, ndipo popanda wolankhula Chiromaniya mungaime panja mpaka zala kuuma. Apa wotitsogolera anagwira ntchito yake, ankaimbiratu foni tisanafike. Chenjezo limodzi: ku Bârsana makampani amakonda kukusiyani pa nyumba ya masisitere yaikulu ija yokongola, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1990. Tchalitchi cha UNESCO ndi china, chaching'ono, cha mu 1720, pakaphiri m'mudzi momwemo. Nenani kuti mukufuna chakalecho.

Chikondwerero chenicheni chimene chili pa chithunzi chotsatsira ulendowu ndi cha pa 27 Disembala ku Sighetu Marmației, kumene onse amangoti Sighet. Magulu ochokera m'midzi ya Maramureș ndi madera ena amadutsa pakati pa tawuni, okwera pa akavalo, ngolo zokongoletsedwa, ovala gubă, chijasi chaubweya wautali, amayi atavala zadii, nsalu zamizeremizere kutsogolo ndi kumbuyo, ovina mbuzi, ovina chimbalangondo, ndi ziwanda zochuluka kuposa za m'mudzi. N'chokongola, ndipo tsiku limodzi mumaona miyambo ya madera ambiri. Komabe ndi chionetsero, gulu lililonse limapatsidwa mphindi zochepa pansanja ndi zokuzira mawu. Amene angagule ulendo woyamba pa 26 kuti angoona ichi wagula chikuto n'kusiya buku. Zoti mudziwe: misewu ya pakati imatsekedwa, minibasi imaima patali, fikani ola limodzi zisanayambe ndipo imani m'mbali mwa msewu umene maguluwo amadutsa, osati kutsogolo kwa nsanja kumene mumangoona misana ya anthu. Mudzaima maola atatu pa simenti yozizira, ndipo chimene chimagonja msanga ndi mapazi. Nsapato zikhale za soli yokhuthala, zosalowa madzi, zokulirapo pang'ono kuti masokosi aubweya awiri alowe osafinya. Zothina zimatseka magazi ndipo mumazizidwa kuposa wovala sokosi imodzi. Foni isungeni m'thumba lam'kati, batire imatha msanga pozizira. Malo odyera amadzaza gulu likangobalalika, ndipo kampaniyi sinasungitse tebulo.

Mukakhala ku Sighet ndi ku Săpânța muli m'mphepete mwa mtsinje wa Tisa, tsidya linalo ndi Ukraine. Foni imatha kudumphira yokha pa netiweki ya kumeneko, imene mtengo wake ndi wina. Sankhani netiweki ya ku Romania pamanja.

Ku Săpânța, makilomita osakwana 20 kuchoka ku Sighet, kuli manda aja otchedwa Osangalala, a mitanda yamatabwa yopakidwa buluu, uliwonse uli ndi chithunzi chosema cha malemuyo pa ntchito yake ndi kandakatulo kolembedwa ngati akulankhula yekha. Anayambitsa ndi mmisiri Stan Ioan Pătraș mu 1935, ndipo naye anaikidwa momwemo mu 1977. Zonse zili m'Chiromaniya cha kumudzi. Popanda womasulira mungoona mitundu, simudziwa kuti uyu akudandaula za mowa, uyo za galimoto imene inamugunda. Wathu anamasulira mitanda yoposa 20 osatopa, ndipo pa ichi chokha ndalama yake anaigwirira ntchito. Ku Sighet komweko kuli ndende yakale ya nthawi ya chikomyunizimu, mmene anafera nduna yaikulu yakale Iuliu Maniu mu 1953, tsopano ndi nyumba ya chikumbutso. Imafuna maola awiri ndi mtima wokhazikika, osati kuipanikiza pa tsiku la chikondwerero monga anachitira.

Pa 28 ndi tsiku la Mocănița, sitima ya nthunzi ya njanji yopapatiza, mamilimita 760, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti izitsitsa mitengo m'chigwa cha Vaser. Imanyamuka ku Vișeu de Sus m'mawa, imakwera makilomita pafupifupi 21 kukafika pa Paltin, imapuma, n'kubwerera masana. Kuchoka ku Breb ndi ola limodzi ndi theka, kutanthauza kudzuka kuli mdima bii. Mabogi a nyengo yozizira ali ndi timbaula ta nkhuni: wokhala pafupi amapsa, wa kukhomo amanjenjemera, malo abwino ndi apakati. Matikiti a sabata imeneyi amatha msanga, onetsetsani kuti kampani yagula kale osati ikagula pofika. Limeneli ndi tsiku lathunthu, ndipo ulendo wa ku mudzi wa Ieud umene anauphatika madzulo ake unangokhala wa pa pepala.

Kampaniyi imatsatsanso chowonjezera, kukaona gule wa zimbalangondo ku Comănești kumapeto kwa chaka, kumene anthu amavina atavala zikopa zenizeni za zimbalangondo. Gule ndi weniweni, koma Comănești ali kutali m'chigawo cha Bacău, ndipo njira yake imadutsa pa Prislop, mamita 1,416, pakati pa dzinja. Ndi tsiku lonse m'galimoto. Tinachikana, ndipo tikulangiza kuti amene akuchifuna achikonzere ulendo wakewake. Amene amaopa kuzizira afunse za Meyi: kumayambiriro kwa mweziwo ku Hoteni, pafupi ndi Breb, kumakhala Tânjaua, mwambo wolemekeza amene anayamba kulima chaka chimenecho, ndipo ku Huta-Certeze kumakhala Sâmbra Oilor, pamene amayeza mkaka wa nkhosa za banja lililonse zisanakwere kumapiri, kuti adziwe tchizi amene aliyense adzalandire.

Za mapepala: Romania inalowa kwathunthu m'dera la Schengen, maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, pa 1 Januwale 2025, ndiye wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe afunika viza ya Schengen, ngakhale akukhala ku Britain kapena ku South Africa, pamodzi ndi inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000. Kalata yotsimikizira malo ogona kampaniyi inatumiza patatha masiku awiri titalipira gawo loyamba, koma inangolemba dzina la mudzi popanda adiresi ndi foni ya nyumbayo. Iwerengeni isanapite ku ofesi ya viza, ndipo ngati ilibe zimenezo ibwezeni akonze.