Ndinaoda wrasse yayelo thupi lonse, anditumizira ya mimba yoyera

Shopu yogulitsa nsomba zoweta ya ku Durban iyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu basi, ndipo ziwirizo ndi za nsombayo ndi mnyamata wa mushopu, osati za bwana wake.

Ine ndinafotokoza bwinobwino pa WhatsApp kuti ndikufuna Halichoeres chrysus, wrasse (kansomba ka m'madzi amchere koweta m'thanki) ija yayelo kuyambira kumutu mpaka kumchira, imene imabwera kuchokera ku Indonesia ndi ku Philippines, mpaka chithunzi ndinatumiza. Mkulu wa shopuyo anati ilipo ndisadandaule. R700 ija ndinalipira tsiku lomwelo, ya koriya kuchoka ku Durban kufika kuno ku Joni yapadera, mukudziwa kale mmene amadulira.

Kutsegula bokosi m'mawa mwake, aaa, nsomba ndi yayelo kumsana kokha, kumimba kuli mbee ngati yagona pa ufa woyera. Imeneyi ndi leucoxanthus abale, m'bale wake wa ku Indian Ocean, mbali za Maldives ndi Andaman Sea uko. Ndikumufunsa akuti ndi nsomba imodzi yomweyo yangotuwa ndi ulendo, mtundu ubwerera. Zoona zimenezo? Ine ndasunga mbuna zaka zambiri ndisanalowe za madzi amchere, nsomba ikachita mantha imafwifwa thupi lonse, siidula mzere pakati ngati yachita kuyeza ndi rula. Komanso zoti dera limasintha maonekedwe a nsomba musatiphunzitse ife a kunyanja, mbuna ya Labidochromis ya ku Lion's Cove ndi yayelo pomwe ya ku Nkhata Bay konkuja ndi yoyera, ndipo wogulitsa wanzeru amakuuza kuti iyi yachokera pakuti. Akanangonena kuti chrysus yatha, kapena ndikanavomera.

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Nditaizoloweza madzi pang'onopang'ono n'kuilowetsa m'thanki, inazungulira kamodzi kokha kenako psiti mumchenga, osaonekanso. Tsiku loyamba ndinati yatopa. Lachiwiri kulibe. Lachitatu ndinayamba kusuntha kabati ndi tochi ya pafoni kuyang'ana kuseri, poti ma wrasse amadumpha aliyense amadziwa, ngakhale neti ndinaika pamwamba. Madamu akuti mwataya ndalama ya gulosale pa kansomba kosadyedwa ndiye kathawanso, ine chete ndilibe poyankha. Mameseji anga kwa mkuluyo amangowerenga osayankha, masiku anayi athunthu, munthu amene polandira ndalama amayankha pasanathe miniti. Tsiku lachisanu ndinapinda malaya kuti ndifukule mchenga wonse ndichotse mtembo isanawononge madzi, ndisanatero ndinaimba nambala ya pashopu ndiye anayankha mnyamata wawo wosamalira matanki. Iyeyo ndi amene anandiletsa, akuti ndisafukule ngakhale pang'ono, ma Halichoeres amagona mumchenga usiku uliwonse ndipo yatsopano imatha kubisala masiku angapo, ukaifukula umangoiwonjezera mantha. Anandifunsanso ngati mchenga wanga ndi wosalala komanso wakuya mokwanira, wanga ndi wa 5 cm, anati zili bwino. Zonsezi bwana wake analephera bwanji kulemba mu meseji imodzi?

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndikudzuka 5 koloko kupita ku ntchito, magetsi a thanki asanayake, ndinangoona kanthu kayelo kakuyendayenda pa miyala. Ikafika 12 masana imakhala yalowanso kale mumchenga, ngati ikutsatira nthawi ya kwawo, patapita masabata awiri ndi pamene inayamba kutsatira magetsi athu.

Pano patha miyezi itatu ndipo ndinene zoona, nsombayi ndi yolimba. Imadya mysis (tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi) wa mufiriji ngati yabadwira pompano, madzi ndimasunga pa 25 digiri ndi mchere pa 1.025, siinadwalepo. Tinyongolotsi tophwatalala tija tinadzadza pa makorali anga, tomwe tinandichititsa kufuna wrasse poyamba, yatichepetsa kwambiri, ntchito ndi yofanana ndendende ndi ya chrysus ndipo kukula kwakenso n'komweko, cha m'ma 12 cm ikakhwima. Mimba yoyera ija pansi pa magetsi abuluu imawala bwino, alendo amaloza iyoyo kusiya ma clownfish. Madamu omwe aja ndi amene amaipatsa chakudya masiku ano.

Koma si imene ndinalipira. Ndipo sindingawonjezerenso chrysus m'thanki yaing'ono ngati yanga, nsombazi zimayamba zili zazikazi n'kusanduka zazimuna zikakula, ziwiri zofanana chonchi zikhoza kumathamangitsana. Mkuluyo atayankha pamapeto pake sanapepese, anangoti adzandichotserako pang'ono ndikadzagulanso. Amene mukufuna kuoda kwa iye muuzeni ajambule vidiyo ya nsomba yeniyeniyo ili m'thanki mwake muone kumimba, osati zithunzi za pa intaneti zimene amaika zija, ndipo mukaimba foni pemphani kulankhula ndi mnyamata uja.